Mankhwala Olunjika pa Khansa: Mmene Amagwirira Ntchito ndi Chifukwa Chake Khansa Imasiya Kuwamva

Mankhwala olunjika pa khansa ndi gulu la mankhwala amene amatseka chinthu chimodzi chenicheni chimene chikulamula maselo a chotupa kuti azichulukana. Madokotala amawatcha targeted therapy. Ena ndi mapilitsi omwera kunyumba, ena ndi a dripi olandirira kuchipatala. Banja likamva kwa mbale wa ku Joni kapena ku Dar es Salaam kuti kuli pilitsi la khansa losathothola tsitsi, n'chapafupi kuyamba kuganiza zogulitsa ng'ombe, chilimira kapena injini ya boti. Musanagulitse kanthu, dziwani zinthu ziwiri. Choyamba, mankhwalawa amathandiza pokhapokha chotupa chitayezedwa n'kupezeka ndi chizindikiro chimene iwo amalunjikapo. Chachiwiri, khansa imene yafalikira kale imatha kusintha pakapita nthawi n'kusiya kumva mankhwala omwe poyamba ankaifooketsa.

Mmene selo limalandirira lamulo loti lichulukane

Thupi la munthu linapangidwa ndi maselo, tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Selo labwinobwino siligawikana mwachisawawa, limadikira kuuzidwa. Lamulolo limabwera ndi timapuloteni totchedwa growth factor, tomwe tingatiyerekeze ndi amithenga. Mukadzicheka ndi mpeni potumbula nsomba, amithenga amenewa ndi amene amauza maselo a khungu kuti achulukane mpaka bala litatsekeka. Bala likapola, uthenga umaleka, maselo nawo amaleka.

Pamwamba pa selo pali zolandirira uthengawo, zotchedwa receptor. Mutu wa receptor uli kunja kwa selo ngati eriyo ya wailesi, mchira wake uli mkati, ndipo kumchirako kuli kaswitchi kotchedwa tyrosine kinase. Mthenga akakhudza mutu, switchi imayaka, uthenga umayenda mpaka pakatikati pa selo, selo limagawikana. Katswiri wa ku America, Stanley Cohen, anafotokoza za mthenga wina wotchedwa EGF mu 1962, ndipo mu 1986 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Rita Levi-Montalcini wa ku Italy chifukwa cha ntchito yawo pa amithenga otere.

Malangizo omangira receptor ali mu ma gene, omwe ndi malangizo a chibadwa osungidwa m'selo lililonse. Mabuku ena a Chichewa amalemba mawuwa kuti "majini", koma sakukhudzana ndi majini amene timawamva m'maphunziro a chipembedzo. Gene likawonongeka, pamachitika chimodzi mwa zinthu ziwiri. Selo limatha kupanga ma receptor ochuluka mopitirira muyeso, moti ngakhale uthenga wochepa umamveka ngati mfuu. Apo ayi, switchi ya mkati imakanirira ili yoyaka, selo n'kumagawikana popanda wolituma. Kuwonongeka kotereku nthawi zambiri kumachitika m'maselo a chotupa chokhacho pa moyo wa munthuyo. Sikupatsirana, ndipo kawirikawiri sikuchokera kwa makolo.

Magulu awiri a mankhwala

Gulu loyamba limagwira kunja kwa selo. Awa ndi ma antibody opangidwa m'fakitale, amene amamatirira kumutu kwa receptor. Mayina awo amathera ndi "mab", monga trastuzumab ndi cetuximab, ndipo nthawi zambiri amaperekedwa pa dripi. Gulu lachiwiri limalowa mkati mwa selo n'kukatsekereza switchi ija. Mayina awo amathera ndi "nib", monga imatinib, gefitinib, erlotinib ndi osimertinib, ndipo ndi mapilitsi omwa tsiku ndi tsiku.

Kusiyana kwake ndi chemotherapy n'kwakuti chemotherapy imapha maselo onse amene akugawikana msanga, kaya ndi a khansa, a tsitsi, a mkamwa kapena opanga magazi. Mankhwala olunjika amafunafuna chizindikiro chimodzi. Ubwino wake uli pomwepo, malire ake alinso pomwepo: chotupa chikakhala kuti chilibe chizindikirocho, munthu amangolandira zowawa za mankhwala ndi kutaya ndalama.

Mankhwala odziwika ndi khansa zake

*HER2 ndi khansa ya m'mawere.* Pa amayi 100 alionse odwala khansa ya m'mawere, pafupifupi 15 mpaka 20 amakhala ndi chotupa chodzaza ndi receptor yotchedwa HER2. Mu 1987, Dennis Slamon ndi anzake anasonyeza kuti khansa yotere imakula msanga komanso imabwerera kawirikawiri. Mankhwala a trastuzumab, odziwikanso ndi dzina la malonda lakuti Herceptin, anavomerezedwa ku America mu 1998. Zotsatira za kafukufuku zimene zinatuluka mu 2005 zinasonyeza kuti akaperekedwa pamodzi ndi opaleshoni ndi chemotherapy khansa isanafalikire, mwayi woti nthendayo ibwerere umatsika ndi pafupifupi theka. Kawirikawiri amaperekedwa milungu 3 iliyonse kwa chaka chimodzi. Bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wa mankhwala ofunika kwambiri mu 2015, ndipo mu December 2019 linavomereza koyamba trastuzumab wotsikirapo mtengo wopangidwa ndi kampani ina.

*EGFR ndi khansa ya m'mapapo.* Mankhwala a gefitinib atayamba kugwiritsidwa ntchito ku Japan mu 2002, madokotala anadabwa kuona kuti odwala ochepa akupeza bwino mofulumira pomwe ambiri sakusintha. Yankho linapezeka mu 2004: amene ankapeza bwino anali ndi switchi yokanirira pa receptor ya EGFR. Vuto limeneli limapezeka kwambiri mwa anthu amene sanasutepo fodya, mwa amayi, ndiponso mwa anthu a kum'mawa kwa Asia. WHO inaika erlotinib pa mndandanda wake mu 2019.

*Imatinib.* Mankhwalawa, amene dzina lake la malonda ndi Glivec, anavomerezedwa mu 2001 pa khansa ya m'magazi yotchedwa CML. Switchi imene amatseka pa nthenda imeneyi, BCR-ABL, ili mkati mwa selo, koma amatsekanso ma receptor awiri otchedwa KIT ndi PDGFR. N'chifukwa chake mu 2002 anavomerezedwanso pa chotupa china cha m'mimba ndi m'matumbo chotchedwa GIST. Odwala CML ambiri amene amamwa imatinib mokhulupirika amakhala zaka zambiri akugwira ntchito zawo. Kudzera mu ndondomeko imene kampani ya Novartis inayambitsa mogwirizana ndi bungwe la The Max Foundation, odwala m'maiko ambiri osauka, kuphatikizapo Malawi, akhala akulandira mankhwalawa ulere kudzera kwa madokotala a khansa a m'zipatala zikuluzikulu.

*Cetuximab.* Awa amatseka EGFR chakunja ndipo amagwiritsidwa ntchito pa khansa ya m'matumbo aakulu ndi khansa zina za mkamwa ndi pakhosi. Pa khansa ya m'matumbo, sagwira ntchito ngati gene lina lotchedwa KRAS ndi lowonongeka, zomwe zimapezeka mwa odwala pafupifupi 40 pa 100 alionse.

Khansa zofala kwathu kuno

Tiyenera kudziwa kuti khansa zimene zikuvutitsa Amalawi ambiri sizidalira mankhwala amenewa. Khansa ya khomo la chiberekero, imene Malawi ali m'gulu la maiko okhudzidwa kwambiri padziko lonse, imapewedwa ndi katemera wa HPV, amene anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, komanso kuyezetsa msanga. Ikapezeka, thandizo lake ndi opaleshoni, chemotherapy ndi kuwotcha chotupa ndi makina a radiotherapy. Kaposi sarcoma amalimbana nayo ndi ma ARV ndi chemotherapy. Khansa ya kummero imene imapezeka kwambiri kuno ndi ya mtundu umene trastuzumab sagwirapo. Choncho dokotala akapanda kutchula mankhwala olunjika, sikuti akukumanani. Kawirikawiri n'chifukwa chakuti khansa yanuyo si yolandira mankhwala otero.

Kuyeza chotupa: ulendo wochokera ku Chiweta

Palibe amene angadziwe ndi maso kapena pokhudza kuti chotupa chili ndi HER2 kapena EGFR. Pamafunika kudula kachidutswa ka chotupacho, kumene achipatala amati biopsy, n'kukakayeza ku labu. Anthu ena amaopa kuti chotupa chikakhudzidwa ndi chitsulo chimalusa. Chimene chimapatsa khansa mpata ndi miyezi imene imatha munthu akuzengereza.

Kwa munthu wa ku Chiweta, Mlowe kapena Chitimba, ulendo umayambira pa chipatala chaching'ono cha m'dera, kenako chipatala cha boma cha Rumphi kapena cha David Gordon Memorial ku Livingstonia. Kuchoka apo amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, ndipo pakafunika thandizo loposa, ku Lilongwe, komwe kuli National Cancer Centre pa chipatala cha Kamuzu Central. Pa chipatala chimenechi panatsegulidwa labu yoyeza zotupa mu 2011 mogwirizana ndi UNC Project, ndipo zizindikiro za khansa ya m'mawere, kuphatikizapo HER2, zakhala zikuyezedwa kumeneko. Abale a ku Mangochi ndi Machinga amatumizidwa ku Zomba ndi ku Queen Elizabeth mu Blantyre. Pa CML, makina a GeneXpert omwe ambiri timawadziwa poyeza TB amathanso kuyeza kuchuluka kwa BCR-ABL m'magazi akaikidwa katiriji yake yapadera. Kuyeza EGFR kumafuna labu yoyeza ma gene, ndipo kawirikawiri kumalira ndalama.

Pa khansa ya m'mapapo pali msampha wina. Zizindikiro zake, monga chifuwa chosatha, kuwonda ndi kulavula magazi, n'zofanana ndi za TB. M'dera ngati la Chiweta, komwe anthu ena amagwira ntchito m'migodi ya malasha, ena amasuta fodya, ena amakhalitsa pa utsi wowamba nsomba, chifuwa chimaoneka ngati chinthu wamba. Ngati makhololo ayezedwa ndipo TB sinapezeke koma chifuwa chikupitirira, kapena munthu wamwa mankhwala a TB mokhulupirika koma sakusintha, bwererani kuchipatala mukapemphe kuti amuunike pachifuwa ndi kufufuza zina.

Chifukwa chake khansa imasiya kumva mankhwala

Nkhani ya matenda osamva mankhwala si yachilendo kwa Amalawi. Chloroquine anali mankhwala odalirika a malungo mpaka tizirombo titasiya kumumva, ndipo mu 1993 dziko lino linasinthira ku Fansidar. Nayenso atafooka, mu 2007 tinayamba LA. Zimene zimachitika pa khansa n'zofanana, kungoti zimachitikira m'thupi la munthu mmodzi.

Chotupa chachikulu ngati nsonga ya chala chimakhala ndi maselo mamiliyoni ambirimbiri, ndipo si onse ofanana. Mankhwala ali ngati ukonde: amakola unyinji, koma tinsomba tochepa timapyola m'maso mwa ukondewo. Totsalato ndi tomwe timaswana, ndipo pakapita miyezi chotupa chimadzadza ndi maselo amene mankhwalawo sawakola. Maselo amapulumuka m'njira zikuluzikulu zitatu.

Njira yoyamba ndi kusintha loko. Malo amene pilitsi limakhazikika pa switchi amasintha pang'ono, kiyi wakale n'kusiya kulowa. Pa khansa ya m'mapapo, kusintha kotchedwa T790M, komwe kunafotokozedwa mu 2005, kumapezeka mwa odwala pafupifupi theka kapena kuposerapo amene gefitinib kapena erlotinib wasiya kuwathandiza. Kawirikawiri izi zimachitika pakatha miyezi 9 mpaka 13. Pa CML, kusintha kotchedwa T315I kumalepheretsa imatinib pamodzi ndi dasatinib ndi nilotinib.

Njira yachiwiri ndi kulambalala. Msewu wa M1 ukatsekeka pa mapiri a Chiweta, oyendetsa galimoto amafunafuna njira ina yozungulira. Selo la khansa nalo limachita chimodzimodzi: EGFR ikatsekedwa, limachulukitsa receptor ina monga MET, kapena limayatsa switchi ina ya kutsogolo, uthenga woti "gawikana" n'kumafikabe.

Njira yachitatu ndi kusintha mtundu. Mwa odwala ochepa, khansa ya m'mapapo imasandulika kukhala ya mtundu wina wotchedwa small cell, umene sudaliranso EGFR ndipo umafuna chemotherapy.

Palinso malo amene mankhwala ena safikako bwino. Ubongo uli ndi mpanda wake wotchinga zinthu zambiri zochokera m'magazi, ndipo trastuzumab salowamo mokwanira. N'chifukwa chake khansa imatha kugonja m'thupi monse koma n'kuonekera m'mutu.

Kusamva mankhwala kumavuta kwambiri pa khansa imene yafalikira kale. Chotupa chikapezeka chili chaching'ono n'kuchotsedwa, maselo otsala amakhala ochepa, ndipo mwayi woti mankhwala awamalize onse umakhala waukulu.

Zimene madokotala amachita

Khansa ikayambanso kukula, dokotala amafuna kudziwa njira imene yadzera, ndipo nthawi zina amayezanso chotupa kapena magazi. Ngati ndi T790M, pali osimertinib, amene anavomerezedwa mu 2015. Pa kafukufuku wotchedwa FLAURA, odwala amene anayamba ndi osimertinib anatha pafupifupi miyezi 19 khansa isanayambenso kukula, pomwe omwa mankhwala akale anatha miyezi 10. Koma naye osimertinib amadzakumana ndi kusintha kwina kotchedwa C797S. Pa CML, imatinib akalephera pali dasatinib ndi nilotinib, ndipo pa T315I pali ponatinib. Pa HER2 pali pertuzumab, amene amaphatikizidwa ndi trastuzumab, komanso mankhwala atsopano monga trastuzumab deruxtecan, momwe antibody imanyamula chemotherapy n'kukaitula pa selo la khansa. Ambiri mwa mankhwala atsopanowa ndi okwera mtengo kwambiri ndipo sapezeka wamba. Chemotherapy ikadali thandizo lenileni pamene mankhwala olunjika afika pamapeto.

Zimene zimafooketsa mankhwala kunyumba

Nthawi zina khansa imakula osati chifukwa yasintha, koma chifukwa mankhwala sakukwanira m'magazi. Apa ndi pamene banja lili ndi gawo lalikulu.

Kudumphitsa masiku ndiye vuto loyamba. Kafukufuku wa pa chipatala cha Hammersmith ku London, amene anatuluka mu 2010, anapeza kuti odwala CML amene ankaphonya pilitsi limodzi kapena kuposerapo pa 10 alionse sankafika kawirikawiri pa mlingo wabwino wogonjetsa nthendayo. Musagawe pilitsi pawiri kuti botolo likhalitse, musagawane ndi wodwala wina, ndipo konzani ndalama ya ulendo wokatenga ena botolo lisanathe.

Mankhwala ena amalimbana nawo. Rifampicin, amene ali m'gulu la mankhwala a TB, amachititsa chiwindi kuchotsa imatinib, gefitinib, erlotinib ndi osimertinib m'magazi mofulumira. Ma ARV ena monga efavirenz ndi nevirapine amathanso kuchita zimenezi. Mankhwala a chilungulira ndi zilonda za m'mimba monga omeprazole amalepheretsa erlotinib, gefitinib ndi dasatinib kulowa bwino m'thupi. Kusuta fodya kumachepetsa mphamvu ya erlotinib. Manyumwa amachita zosiyana: amachulukitsa mankhwalawa m'magazi mpaka kufika povulaza. Musasiye nokha mankhwala a TB kapena ma ARV. Tengani mabotolo onse, ngakhale a zitsamba ndi owonjezera mphamvu m'thupi, mukaonetse dokotala kuti akonze mlingo.

Palinso mankhwala achinyengo. Pilitsi lodula limakopa anthu osaona mtima. Bungwe loyang'anira mankhwala m'dziko muno ndi PMRA, ndipo mankhwala a khansa ayenera kugulidwa ndi chikalata cha dokotala pa famase yovomerezeka. Mbale akafuna kutumiza kuchokera kunja, ayambe walandira dzina lenileni la mankhwala ndi mlingo wake kuchokera kwa dokotala amene waona zotsatira za biopsy.

Kumwa mankhwala m'mwezi wa Ramadhan

Mapilitsiwa ali ndi nthawi zake. Imatinib amamwedwa ndi chakudya komanso madzi ambiri. Erlotinib amamwedwa m'mimba muli mopanda kanthu, ola limodzi musanadye kapena maola 2 mutadya. Nilotinib amamwedwa kawiri pa tsiku, motalikirana pafupifupi maola 12, osadya kanthu pafupi ndi nthawiyo. Omwa kamodzi pa tsiku nthawi zina angathe kusunthira pilitsi lawo ku nthawi yomasula kapena ya dakwi, koma izi zikonzedwe ndi dokotala mwezi usanayambe. Wodwala amene akutsegula m'mimba, akuwonda kapena akulandira dripi akhoza kuvulala ndi kusowa kwa madzi m'thupi. Qur'an, mu Surah Al-Baqarah ndime 184 ndi 185, inapereka chilolezo kwa wodwala kuti asasale n'kudzabweza masikuwo, ndipo ma Sheikh amafotokoza za fidya kwa amene matenda ake ndi okhalitsa. Funsani dokotala za thupi lanu ndi Sheikh za lamulo lake, koma musasiye mapilitsi mwezi wathunthu mwa inu nokha.

Zovuta zimene mankhwalawa amabweretsa

Otseka EGFR amatulutsa tiziphuphu kumaso ndi pachifuwa, amaumitsa khungu, amatupitsa m'mbali mwa zikhadabo ndi kutsegula m'mimba. Imatinib amatupitsa zikope ndi mapazi, amachititsa nseru ndi kukokana kwa minofu, ndipo mwa anthu akuda amatha kuyeretsako khungu. Trastuzumab amatha kufooketsa mtima, n'chifukwa chake mtima umaunikidwa asanayambe komanso pakapita miyezi ingapo iliyonse. Zambiri mwa zovutazi zili ndi thandizo lake popanda kusiya mankhwala. Koma kubanika kwadzidzidzi, maso achikasu, kutentha thupi kwambiri kapena kutsegula m'mimba kosalekeza n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwalawa akhoza kuvulaza mwana wosabadwa, choncho banja likambirane ndi dokotala za kulera ndi kuyamwitsa asanayambe.

Mankhwala akasiya kugwira

Wodwala amene anapeza bwino akayambanso kufooka, mabanja ena amayamba kulozana zala, ena amati dokotala ananama, ena amati munthuyo walodzedwa. Kusamva mankhwala ndi khalidwe lodziwika la khansa, ndipo kumachitika ngakhale kwa amene sanaphonyepo tsiku limodzi. Miyezi kapena zaka zimene wodwala anakhala ndi mphamvu, akuona ana ake akukula, ndi phindu lenileni la mankhwalawo. Ndipo ngakhale pamene palibenso mankhwala olimbana ndi chotupa, thandizo lochepetsa ululu lilipo. Zipatala za boma zili ndi chisamaliro chotere, kuphatikizapo morphine wamadzi, ndipo kulinso malo monga Ndi Moyo ku Salima ndi Tiyanjane ku Queen Elizabeth.

Mukapita kukaonana ndi dokotala wa khansa, pitani awiri, mutenge buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene wodwala akumwa, ndipo mufunse mafunso awa: Khansayi ndi ya mtundu wanji, ndipo yafika pati? Kodi chotupa chinayezedwa HER2, EGFR kapena chizindikiro china? Cholinga cha mankhwalawa ndi kuchiza kapena kuchedwetsa nthenda? Adzamwa kwa nthawi yaitali bwanji, ndipo ndalama zonse pamodzi ndi za maulendo zikwana zingati? Tidzadziwa bwanji kuti akugwira ntchito? Akadzasiya kugwira, chotsatira n'chiyani? Mayankho a mafunso amenewa alembedwe, ndipo banja likhale pansi kuwakambirana pamodzi ndi wodwalayo lisanagulitse katundu aliyense.